Ndalama zili m'chikwama, nanga phindu lili kuti?

Sindigwirizana nawo amene amati Amalawi sadziwa bizinesi. Wolankhula choncho akakhale tsiku lathunthu mumsika waukulu wa Zomba, kuyambira m'mamawa magalimoto a kabichi ndi mbatatesi akamatsitsa katundu mpaka dzuwa litapendeka, akaone mmene mulu wa tomato umakulira ndi kuchepera popanda wina kuitanitsa msonkhano. Mayi wa tomato amadziwa kuti m'dzinja, mvula ikamawoletsa tomato kumunda, mulu uyenera kuchepa ndipo wogula alipira ndithu ngakhale akung'ung'udza. Amadziwanso kuti a kumadimba akakolola onse nthawi imodzi, dengu lomwelo aligulitsa mochonderera. Mizere iwiri yopingasana imene ana a sekondale amajambula m'kope, wina wa ofuna kugula ndi wina wa ofuna kugulitsa, iye amaichita ndi manja tsiku ndi tsiku.

Ine ndimaphunzitsa Business Studies pa sekondale ina yoyendera kuno ku Zomba, komanso ndine mlembi wa banki m'khonde ya m'dera lathu ku Chinamwali. Ntchito ziwirizi zandionetsa chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa. Nkhani ya mtengo wogulitsira, anthu athu amaidziwa bwino kwambiri. Pamene ambiri amagwera ndi mbali inayo: kuwerengera zonse zimene geni yadya kuti katunduyo afike m'manja mwa wogula. Ndaona anthu olimbikira, odzuka nkhuku zisanalire, akugulitsa bwino chaka chonse, koma pofika Disembala mpamba watha ndipo sakudziwa kumene walowera. Ena amafika poganizira mnzawo wa benchi yoyandikana kuti akuwakawa ndalama ndi chitaka. Kawirikawiri ndalamazo sizinabedwe. Phindu lake kunalibe kuyambira pachiyambi, ngakhale m'chikwama munkalowa ndalama tsiku lililonse.

Za kusowa ndi kuchuluka kwa katundu sinditayapo nthawi yaitali, chifukwa Zomba yatiphunzitsa yokha. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama, ilibenso mtsinje wotulutsa madzi, ndipo yaphwapo kangapo, monga mu 1968 ndi mu 1995. Madzi akachepa, matemba amasowa pa doko la Kachulu, mtengo wake umakwera, anthu n'kuthawira ku bonya, usipa ndi soya pisi. Pasanapite nthawi nazonso zimakwera, chifukwa ogula onse aja asamukira kumeneko. Mbali ya ogula nayo timaiona ku Chikanda. Chichokereni 1973 pamene Chancellor College inasamukira kuno, moyo wa dera limenelija umayenda ndi kalendala ya sukulu. Ophunzira akatsegulira, chipinda chaching'ono chimalimbiranidwa, chiwaya sichizima. Akatsekera, landilodi yemweyo amayamba kulonjera aliyense wodutsa.

Chimene chimavuta kuona ndi pamene wogula weniweni ali kutali. Cha m'ma 2015 ndi 2016 nandolo anali ndi mtengo wokoma kwambiri, chifukwa ku India, dziko limene limadya nandolo wambiri kuposa lina lililonse, mvula inavuta zaka ziwiri zotsatizana. Alimi a kuno, a ku Machinga, ku Chiradzulu ndi ku Mulanje anawonjezera minda. Koma mtengo wokoma womwewo unakopanso alimi a ku India, nawonso anabzala kwambiri n'kukolola zochuluka. Mu Ogasiti 2017 boma lawo linaika malire akuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pa chaka, ndipo kuno mtengo unagwa pansi, matumba n'kumangofumbwa m'nyumba. Mu 2021 mpamene maiko awiriwa anagwirizana kuti Malawi azitumiza matani 50,000 chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Mlimi wa ku Mayaka sanalakwitse kalimidwe. Vuto lake ndi lakuti pobzala amayang'ana mtengo wa chaka chatha, pamene adzagulitsa pa mtengo wa chaka chamawa, ndipo anzake onse ayang'ana mtengo womwewo n'kuchita chimodzimodzi.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani yanga. Azakhali anga amapikula mpunga wosapuntha kufupi ndi sikimu ya Likangala, n'kudzapunthitsa m'tauni ndi kugulitsa pa kilo. Tsiku lina atabwera kudzafunsa za ngongole ya ku gulu, ndinawapempha kuti tiwerengere limodzi ulendo wawo umodzi. Manambala amene nditchule ndi ongoyerekeza, poti mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, koma kayendedwe kake ndi komweko.

Tinene kuti agula matumba khumi a makilogalamu 50, lililonse pa K50,000. Mpamba wonse ndi K500,000. Mpunga ukalowa m'chigayo, mankhusu ndi deya zimachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye atsala ndi makilogalamu ngati 330. Pa K2,000 kilo, ndi K660,000. "Ndiye ndimapha K160,000, mwanawe," anatero, ndipo ankanena ndi mtima wonse.

"Nanga galimoto yochokera kunyanja, azakhali?" Anati iwo ndi matumba awo, kupita ndi kubwera, K35,000. Kuchigayo K25,000. Anyamata okweza ndi kutsitsa K5,000. Chiphaso cha mumsika, majumbo, kabaza wa m'mawa ndi kachakudya ka masana pa masabata atatu amene mpungawo umatenga kuti uthe, K25,000. Kenako tinafika pa zimene sizioneka ngati ndalama. Kasitomala aliyense amafuna banyira, wina mpunga umatayikira pansi poyeza, ndipo Lamlungu lililonse kunyumba kumaphikidwa mpunga wa m'thumba lomwelo. Titaphatikiza zinakwana makilogalamu 15, kutanthauza K30,000. Panalinso anthu awiri amene anatenga pangongole n'kusiya kudutsira njira imeneyo, K10,000. Zonse pamodzi K130,000. Pa K160,000 ija panatsala K30,000.

Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Koma ndiye ndimangotumikira eni chigayo ndi eni galimoto."

Sindinawavomereze, chifukwa si zoona kwenikweni. Mpunga umene ana amadya Lamlungu ndi malipiro ndithu, ndipo kukhala ndi kandalama m'manja tsiku lililonse kuli ndi phindu lake limene wolandira pakutha pa mwezi salidziwa. Koma funso lina linali lisanafunsidwe, ndipo kwa ine ndilo mutu wa maphunziro onse a zachuma: masabata atatu amenewo, ndi K500,000 imeneyo, zikanabala chiyani kwina? Munthu ali ndi thupi limodzi, tsiku limodzi ndi mpamba umodzi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ukasankha kubisala m'phanga ili, linalo walisiya. Azakhali akakhala pa benchi ya mpunga, dimba lawo la masamba silithiriridwa, kapena amalemba waganyu. Ngati dimbalo likanawapatsa K40,000 m'masabata omwewo, ndiye kuti mpunga wawalanda K10,000, ngakhale kope likusonyeza phindu. Mtengo weniweni wa chinthu ndi chimene wasiya kuti uchipeze.

Mfundo imeneyi ndimaiona paliponse. Bambo amene wamanga golosale pa poloti yake amati salipira lendi, koma chipinda chimenecho akanachititsa lendi bwenzi akulandira ndalama mwezi uliwonse osagwira ntchito. Golosaleyo iyenera kubweza ndalama imeneyo isanayambe kutchedwa yopindulitsa. Mtsikana wa Fomu 2 amene akujomba kuti akathandize kugulitsa mandasi samalipidwa, ndiye mandasiwo amaoneka opindulitsa, koma pali wina amene akulipira ndi tsogolo lake. Boma nalonso lili m'phanga lomwelo. Ndalama zimene zapita ku feteleza wotsika mtengo, kuyambira pulogalamu ya sabuside ya 2005 mpaka AIP imene inayamba mu 2020, ndi ndalama zimene sizinapite ku ulimi wothirira, mankhwala kapena misewu ya kumudzi. Sindikunena kuti kusankhako kunali kolakwika, pakuti njala ndi yoopsa ndipo ndaiona. Ndikunena kuti kunali kusankha, ndipo tikamakambirana tizitchula mbali zonse ziwiri.

Zolipira za geni sizifanana zonse. Zina zimayenda ndi malonda: ukagulitsa zambiri zimakwera, ukapanda kugulitsa palibe. Zina zimakudikira pakutha pa mwezi kaya wagulitsa kaya ayi. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ali ndi babashopu ku Chikanda, ndipo tinawerengera motere. Lendi, mlonda wa usiku ndi chiphaso cha kukhonsolo tiyerekeze kuti ndi K72,000 pa mwezi. Kumeta mutu umodzi ndi K1,500, ndipo pa mutu umodziwo sipiriti, mafuta a makina ndi mayunitsi a magetsi zimadya K300. Ndiye mutu uliwonse umasiya K1,200. Kuti K72,000 ikwane pafunika mitu 60. Mitu 60 yoyambirira ya mwezi amametera landilodi, mlonda ndi khonsolo. Ndalama yake imayambira pa mutu wa 61. Nambala imeneyi aliyense wa geni ayenera kuidziwa ngati mmene amadziwira nambala ya foni yake, chifukwa ndi imene imamuuza pa 15 mwezi ngati zinthu zili bwino kapena ayi.

Anandifunsa funso labwino: "Aphunzitsi, sukulu ikatsekera ndimameta mitu 40 yokha. Ndizitseka?" Ayi, asatseke. Akatseka, K72,000 yonse ituluka m'thumba mwake. Akatsegula, mitu 40 ija imubweretsera K48,000, n'kungowonjezerapo K24,000. Bola kuluza pang'ono kusiyana ndi kuluza zonse. Angatseke pokhapokha ngati ali ndi kwina kumene nthawi yakeyo ingamulipire koposa, kapena ngati miyezi yoluza ikuchuluka kuposa yopindula, ndipo pamenepo nkhani si yotseka mwezi umodzi koma yosamuka. Akabaza a njinga zamoto nawo ali ndi cholipira china chimene sichibwera ndi lisiti. Njinga imatha pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo amene sapatula kangachepe kodzagulira ina amakhala akudya njingayo osadziwa, mpaka tsiku limene injini idzagone.

Pali chinthu china chimene anyamata ogulitsa masitiroberi ndi zipatso zina m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe amachimvetsa kuposa ochita bizinesi ambiri a m'tauni. Masana amatchula mtengo wa mlendo. Dzuwa likamalowa, mbale yomweyo amaipereka pa theka, nthawi zina kutsika kuposa mmene anagulira. Si kupusa. Ndalama imene anagulira inapita kale ndipo sibwerera; chimene chatsala m'manja mwawo ndi kusankha pakati pa ndalama yochepa lero ndi zipatso zowola mawa. Wogulitsa kaunjika amavutika kuchita zomwezo chifukwa malaya sawola. Amasunga zotsalira za belo miyezi itatu, akuti sangagulitse motchipa chinthu chimene anagula modula. Koma mpamba wake wagona m'zovala zimenezo, pamene ukanakhala utapita ku Limbe n'kubwera ndi belo lina kawiri kapena katatu. Amene amapeza K5 pa K100 iliyonse koma n'kutembenuza mpamba sabata ndi sabata amaposa amene amapeza K30 pa K100 kamodzi pa miyezi itatu. Woyambayo m'masabata 12 wapeza K60, mnzakeyo akadali pa K30 yake.

Zonsezi zikanakhala zosavuta kwacha ikanakhala yokhazikika. Ambiri sadziwa kuti nambala ya kukwera kwa mitengo ya zinthu imene timamva pa wailesi imachokera mumzinda wathu uno, ku likulu la National Statistical Office. Ogwira ntchito kumeneko amatolera mitengo ya katundu wosiyanasiyana m'misika ya m'dziko muno mwezi uliwonse, n'kuyerekeza ndi mmene zinalili mwezi womwewo chaka chatha. Chakudya chimatenga pafupifupi theka la muyesowo, n'chifukwa chake chimanga chikavuta nambala yonse imalumpha. Miyezi yambiri ya 2024, chaka chimene ng'amba inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, nambalayi inali pamwamba pa 30 peresenti. Kutanthauza kuti zimene unkagula ndi K100,000 zinkafuna K130,000 kapena kuposerapo patatha chaka chimodzi.

Mbali ina ya vutoli ndi mphamvu ya kwacha poyerekeza ndi dola. Pamene inkayamba kugwira ntchito mu 1971, makwacha awiri ankasinthana ndi paundi imodzi. Masiku ano tinazolowera kumva kuti yagwetsedwa: mu Meyi 2012, mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Chifukwa chake chachikulu si chobisika. Mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala, makina, ngakhale kaunjika, timagula kunja ndi madola, pamene zimene timagulitsa kunja, makamaka fodya, tiyi, shuga ndi mbewu za nyemba, sizibweretsa madola okwanira. Ofuna dola ndi ambiri, dolayo ndi yochepa. Ndi nkhani ya matemba a ku Kachulu yomwe ija, kungoti ino imakhudza thumba la aliyense.

Kwa munthu wa geni, zotsatira zake ndi izi. Mwini golosale wagula zigubu khumi za mafuta ophikira pa K40,000 chimodzi, wagulitsa pang'onopang'ono n'kupeza K46,000 pa chigubu. M'manja ali ndi K460,000, ndipo kope likuti wapindula K60,000. Akubwerera ku holoselo akupeza chigubu chili pa K50,000. Ndalama yake yonse, mpamba ndi phindu lomwe, ikugula zigubu zisanu ndi zinayi. Ngati K60,000 ija anali atadyako kale, abwera ndi zisanu ndi zitatu. Akachita zimenezi maulendo angapo, mashelefu amayamba kuoneka matabwa, iye akudabwa poti sanagulitsepo moluza ngakhale tsiku limodzi. N'chifukwa chake ndimauza anthu a m'gulu lathu kuti mpamba aziuwerenga m'matumba, m'zigubu ndi m'mabelo, osati m'makwacha. Ngati unayamba ndi matumba khumi, phindu ndi chimene chatsala utagulanso matumba khumi.

Apa ndinene maganizo amene ena sangawakonde. Wa golosale akakweza mtengo wa katundu amene anali kale pa shelefu chifukwa ku holoselo kwakwera, timamunena kuti ndi wakuba. Ine ndimamuikira kumbuyo, bola akweze molingana ndi mtengo wokagulira wina. Akapanda kutero golosaleyo itha, ndipo tidzayenda mtunda kukagula mchere. Chimene sindingachiikire kumbuyo ndi kubisa katundu kuseri kuti asowe, kapena ogulitsa kupangana mtengo kuti wogula asowe kothawira. Zimenezo ndi kupha mpikisano, ndipo n'zimene bungwe la Competition and Fair Trading Commission linakhazikitsidwira.

Mpikisano womwewo ndi umene umadya phindu la geni zathu zambiri, ndipo tiyenera kuumvetsa osati kuukwiyira. Munthu mmodzi akatsegula kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba pa siteji n'kumaoneka kuti zikumuyendera, pakutha pa chaka pamakhala mabenchi asanu ndi limodzi, makasitomala ndi omwe aja. Geni iliyonse yosavuta kuyamba ndi yosavutanso kutengera, ndipo phindu lake limatsika mpaka kungofanana ndi malipiro a ganyu. Chotsalira ndi kuchita chimene mnzako sakuchita. Zomba ndi mzinda wa anthu a pa malipiro. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975 ndipo mafakitale akuluakulu sanabwere, koma kunatsala asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, a zandende, anamwino, aphunzitsi, a ku MANEB ndi a ku yunivesite. Anthu amenewa ali ndi ndalama masiku ochepa a pakutha pa mwezi, ndipo alibe nthawi yokhala pa mphasa kusankha miyala mumpunga. Azakhali atazindikira zimenezi anayamba kupeta ndi kusankha mpunga wawo, kuumanga m'mapaketi a makilogalamu asanu n'kumakasiya m'maofesi. Mpunga ndi womwewo, koma amagulitsa mokwererapo, banyira palibe, ndipo matumba khumi amatha msanga.

Njira imeneyi ili ndi msampha wake. Wa mu ofesi amakonda kunena kuti, "Mayi, siyani, tionana pa 27." Kope limasonyeza kuti katundu wagulitsidwa ndipo phindu lilipo, koma m'manja mulibe ndalama yobwererera kunyanja, ndipo nthawi imeneyo mpunga ukukwera. Bizinesi yopindula ikhoza kufa chifukwa chosowa ndalama ya m'manja pa tsiku loyenera. Wogulitsa pangongole ndiye kuti wabwereketsa mpamba wake popanda chiwongoladzanja, ndipo ayenera kuika malire a kuchuluka kwa katundu amene angatuluke motero.

Pali zolipira zinanso zimene sizigwera wogulitsa kapena wogula, koma anthu ena amene sanali nawo pa malondawo. Thumba la makala limene limatsika m'phiri pa njinga lili ndi mtengo wa nkhwangwa, thukuta ndi ulendo, koma mulibe mtengo wa mtengo umene wagwetsedwa. Umenewo amalipira ndi mayi wa ku Sadzi pamene madzi a m'mipopi ochokera ku damu la Mulunguzi avuta, mlimi wa m'mbali mwa Likangala pamene mtsinje wasefukira n'kukokolola dimba, ndi msodzi wa ku Chilwa pamene dothi la m'phiri lakwirira nyanja. Sindikuloza chala wootcha makala yekha, poti nyumba zambiri za m'tauni muno, yanganso, zimaphikira makala omwewo, ndipo iye akusaka chakudya cha ana. Koma makala amaoneka otchipa kuposa gasi kapena magetsi chifukwa mbali ina ya mtengo wake tikuisiyira anthu ena ndi ana athu. Msika pawokha sungakonze zimenezi. Pamafunika malamulo, mafumu, ndi njira ina yophikira imene munthu wamba angaikwanitse.

Chimene chimatha mpamba mwakachetechete kuposa zonse ndi kusasiyanitsa thumba la geni ndi thumba la pakhomo. Alangizi ena a bizinesi amati wa geni aumitse mtima, asamathandize abale. Amenewo sindiwamvera. Kuno maliro akagwa sungakhale pa benchi, ndipo mwana wa mchemwali wako akabwezedwa fizi sungayang'ane kumbali. Nawenso tsiku lina adzakunyamula ndi anthu omwewo. Chimene ndimalimbikitsa n'chakuti mwini geni azidzilipira. Adziikire ndalama yodziwika pa sabata, aitenge poyera, ailembe, ndipo ndiwo, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, chipepeso ndi fizi zichoke pamenepo. Ikatha yatha. Akafuna kutapa mumpamba chifukwa cha vuto lalikulu, atape akudziwa kuti watapa matumba awiri, osati kudzazindikira mu Disembala. Kope wamba ndi lokwanira: tsamba lina zolowa, lina zotuluka, lina angongole, ndipo pakutha pa sabata kuwerenga katundu amene watsala. Amene sadziwa kulemba, mwana wa Sitandade 6 akhoza kumulembera madzulo.

Nkhani ya ngongole ndaisungira kumapeto chifukwa ndi imene tikulimbana nayo m'gulu lathu panopa. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti pa chaka, ndipo mabanki amabwereketsa mokwererapo kuposa pamenepo. Anthu amadandaula kuti n'zokwera, ndipo n'zoona. Koma banki m'khonde yathu yakhala ikubwereketsa pa 20 peresenti pa mwezi, kumene ndi 240 peresenti pa chaka ngakhale osawerengera chiwongoladzanja choberekerana. Wa katapila, amene amakupatsa K10,000 kuti ubweze K15,000 pakutha pa mwezi, ndiye sitinena. Timapitabe kumeneko chifukwa safuna chikole cha nyumba kapena mapepala, ndipo ndalama imatuluka tsiku lomwelo. Tsono taonani ulendo wa mpunga uja. Azakhali akanabwereka K500,000 ku gulu, chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chikanakhala K100,000, pa geni imene imatsala ndi K30,000. Akanabweza ndithu, poti ndi munthu wa ulemu wake, koma akanabweza pogulitsa mbuzi.

Nditapempha pa msonkhano kuti titsitse kufika pa 10 peresenti, mayi wina wachikulire amene amaponya masheya ambiri koma sabwereka anaimirira. "Alembi, inu nomwe mumatiuza kuti kwacha ikutha mphamvu. Ndalama yanga ikagona m'bokosimo chaka chonse, mu Disembala idzagula feteleza wochepa. Ndiye mukufuna ndiluze ine kuti ena apindule?" Funso lawo linali lolondola, ndipo ndi mfundo imene ngakhale ophunzira a ku koleji amachedwa kuigwira: chiwongoladzanja chenicheni ndi chimene chatsala utachotsa kukwera kwa mitengo. Wosunga ndalama pa 10 peresenti pa chaka pamene zinthu zikukwera ndi 30, akuluza ngakhale nambala ya m'buku ikukula. Ndinawayankha kuti, "Amayi, mwanena zoona. Koma kuti ndalama yanu isathe mphamvu pa chaka ngati chimenecho, ikufunika kubala pafupifupi K3 pa K100 iliyonse pa mwezi. Pa K10 mwatetezeka kale ndipo mwapindula. K20 imene tikugawana mu Disembala sichokera kumwamba. Ikuchokera m'mpamba wa amayi anzathu omwe takhala nawo pa mkeka uno, ndipo chaka chino atatu asiya geni."

Tinakambirana mpaka mdima. Ena anati tikatsitsa, anthu azibwereka mwachibwana. Ena anakumbutsa kuti si ndalama zonse za m'bokosi zimene zimabwerekedwa mwezi uliwonse, ndiponso kuti pamakhala ena olephera kubweza, choncho wosunga salandira 10 yonseyo. Mfundo imeneyinso ndi yoona ndipo ndinaivomera. Amayi apampando anatseka nkhani motere: chaka chino tiyesa 15 peresenti, lamulo lokakamiza membala aliyense kubwereka lachotsedwa, ndipo wofuna ngongole yoposa K200,000 azibwera ndi kope lake kuti anthu awiri a m'komiti awerengere naye ulendo umodzi wa geni yake asanalandire ndalama. Ine ndikuonabe kuti 15 ndi yokwera kwa wogulitsa mpunga kapena tomato, ndipo nkhaniyi ndidzaidzutsanso tikamadzagawana mu Disembala, makope a chaka chino ali pa tebulo.